Kodi n'koyenera kugula DAC kuti ndizimvera nyimbo za Hi-Res pa foni?

Wokonda nyimbo wa ku Zomba:
Moni nonse. Ndakhala ndikumvera nyimbo pa Apple Music kwa miyezi ingapo kudzera pa mahedifoni opanda waya, ndipo sabata yatha nditasankha Hi-Res Lossless, yomwe ndi mlingo wapamwamba kwambiri wa kamvekedwe ka nyimbo, iPhone yanga inandichenjeza kuti pamafunika kachipangizo kapadera kotchedwa DAC. Ndasunga kandalama pang'ono, koma ndisanakagwiritse ntchito ndikupempha maganizo anu ngati kachipangizoka kali koyeneradi kugula.

Wojambula nyimbo wa ku Blantyre:
Achimwene, musathamangire kugula musanamvetse pamene pagona vuto. Ntchito ya DAC ndi kusandutsa manambala a mu fayilo ya nyimbo kukhala mphamvu ya magetsi yomwe imagwedeza sipika, ndipo mahedifoni anu opanda waya ali nayo kale yawo mkati. Chomwe chikukutsekerezani ndi Bluetooth, yomwe ili ngati njira yopapatiza. Nyimbo ya pa CD, ya 16-bit ndi 44.1 kHz, imafuna 1,411 kbps (muyeso wa data yodutsa pa sekondi) isanapanikizidwe, pamene ya Hi-Res, ya 24-bit ndi 192 kHz, imafuna 9,216 kbps. LDAC ya Sony, yomwe ndi imodzi mwa njira zabwino kwambiri za Bluetooth, imalekezera pa 990 kbps, ndipo iPhone siigwiritsa ntchito n'komwe chifukwa imadalira njira ina yopanikizira nyimbo yotchedwa AAC. Choncho ngakhale mutagula DAC yodula chotani, nyimbo idzafikabe kukhutu itadulidwa kale ngati mahedifoni ali opanda waya. Kugula DAC kumatanthauza kugulanso mahedifoni a waya, ndipo muwerengere mtengo wa zonse ziwiri.

Mphunzitsi wa ku Lilongwe:
Ine ndiwonjezerepo nkhani ya data, chifukwa ndinaiona ndi maso. Apple yomwe imalemba kuti nyimbo ya mphindi 3 imadya pafupifupi 6 MB pa 256 kbps, 36 MB pa Lossless (nyimbo yosadulidwa kanthu) ndi 145 MB pa Hi-Res Lossless. Mukawerengetsa bwino, ola limodzi la Hi-Res likuyandikira 3 GB. Tsiku lina ndinaiwala kusintha zimenezi, ndinakhala pakhonde ndikuchonga makope a ana asukulu nyimbo zikulira, ndipo ndisanamalize mulu wachiwiri uthenga unalowa wondiuza kuti bandulo yomwe ndinkaiyembekezera mwezi wonse yatsala pang'ono kutha. Munthu amene alibe Wi-Fi yodalirika kunyumba aganize kawiri.

M'bale wa ku Johannesburg:
Akulu anga, ndikulemekeza zomwe mwanena, koma ine ndinagula ndipo sindinadandaulepo. Ndimamvera Tidal, pulogalamu ina ya nyimbo ngati Apple Music, yomwe mafayilo ake amafika 24-bit ndi 192 kHz. Mahedifoni anga ndi a 250 ohm, ofuna mphamvu yambiri, ndipo pa foni yokha ankamveka ofooka ngati wailesi yomwe mabatire akutha. Nditalumikiza kachipangizo kakang'ono ka USB-C, kosaposa chala changa, ndinayamba kumva oimba a kwaya akukoka mpweya asanayambe ndime, komanso chala cha woimba gitala chikutsetsereka pa waya. Zinthu zimenezi zinali mu nyimbomo nthawi yonseyi, koma sizinkandifika.

Kwa amene ali ndi Android ndichenjezeko kuti mafoni ambiri amasinthira mawu onse ku 48 kHz asanatuluke, ndiye pamafunika pulogalamu ngati USB Audio Player PRO yomwe imalankhula ndi DAC mwachindunji. Pa kompyuta ya Windows muyenera kuyatsa exclusive mode mu pulogalamu ya Tidal, apo ayi kompyuta idzasintha mawuwo payokha.

Wojambula nyimbo wa ku Blantyre:
Sindikutsutsa zomwe munamva, m'bale wanga, koma ndikutsutsa chomwe mukuti chinachititsa. Mahedifoni a 250 ohm amafuna mphamvu yambiri, ndipo kachipangizo kanuko kali ndi amplifier, yowonjezera mphamvu ya mawu, mkati, yomwe ndi imene inawadzutsa. Ndikukhulupirira kuti mpweya wa oimbawo mukanaumvanso chimodzimodzi pa 44.1 kHz. Khutu la munthu wachinyamata limalekezera cha pa 20 kHz, ndipo malirewa amatsika munthu akamakula, pamene 44.1 kHz imatha kusunga mawu mpaka 22 kHz. Zomwe 192 kHz imawonjezera zili pamwamba pa zimene khutu lingamve. N'chimodzimodzinso ndi 16-bit, yomwe imapereka mtunda wa pafupifupi 96 dB pakati pa mawu otsikitsitsa ndi okweretsetsa, mtunda womwe simungaumalize m'nyumba momwe mufiriji mukulira injini ndipo panja pakudutsa njinga zamoto. Ife mu situdiyo timajambula pa 24-bit chifukwa imatipatsa mpata wokweza ndi kutsitsa mawu posakaniza popanda kuwaononga, koma womvera nyimbo yomalizidwa kale safuna mpata umenewo.

Yesani izi: pemphani mnzanu azisintha pakati pa fayilo ya CD ndi ya Hi-Res ya nyimbo imodzi inu mutatembenukira kumbali, voliyumu ikhale yofanana, ndipo mulembe zomwe mukuganiza maulendo 10.

M'bale wa ku Johannesburg:
Ndiyesa kumapeto kwa sabata ino ndipo ndidzakuuzani moona mtima. Komabe mwavomereza nokha kuti kachipangizoka kanathandiza, ngakhale chifukwa chake chili china.

Wokonda nyimbo wa ku Zomba:
Zikomo kwambiri nonse. Foni yanga ndi yakale, ya bowo lochajira la Lightning, ndipo ilibe bowo la mahedifoni. Ndikagula mahedifoni a waya, ndidzalumikiza bwanji popanda DAC yodula?

Wojambula nyimbo wa ku Blantyre:
Kachingwe ka Apple kochoka pa Lightning kupita ku bowo la 3.5 mm kali kale ndi DAC mkati mwake, ndipo kamafika 24-bit ndi 48 kHz, zomwe zikukwanira Lossless yonse. Gulani kameneko, muonetsetse kuti n'kenikeni chifukwa totengera tadzaza m'misika, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku mahedifoni osapitirira 80 ohm omwe mwawayesa ndi makutu anu musanalipire. Nyimbo muzitsitsiratu pa Wi-Fi n'kuzisunga mu foni, ndipo pa data ya foni musiye 256 kbps poganizira zomwe anena aphunzitsi aja.