Pophunzira ndi pophunzitsa piyano, chimavutitsitsa n'chiyani?

Wofunsa:
Moni nonse. Ndikufunsa kwa inu aphunzitsi a piyano ndi oyimba limba m'matchalitchi. Wophunzira amayamba bwino, koma pakapita nthawi amangoima malo amodzi. Mfundo imamangika pati kwenikweni? Pa zala, pa kuwerenga manotsi, kapena pa manja awiri? Nanga mumamasula bwanji?

Mphunzitsi wa piyano:
Zikomo pofunsa, achimwene. Phiri lalikulu ndi manja awiri. Dzanja lamanzere limafuna kutsanzira lamanja, ndipo lamanja likangothamanga, lamanzere limasokonekera.

Musalole wophunzira kuyamba nyimbo kuchokera pamwamba nthawi iliyonse akalakwa. Dulani mabaa awiri okha (baa ndi kachigawo ka nyimbo kolekanitsidwa ndi mizere yoimirira papepala). Ayimbe lamanja lokha kasanu osaphonya, kenako lamanzere kasanu. Asanaphatikize, atseke piyano n'kumenya kugunda kwa nyimboyo pa maondo, dzanja lililonse mbali yake, akuwerenga mokweza. Akatero aphatikize pa metronome (kachipangizo kogunda liwiro la nyimbo) ya 60, kutanthauza kugunda ka 60 pa mphindi. Akaphonya, tsitsani kufika 50. Kukweza kukhale pang'onopang'ono, 4 kapena 5 basi.

Zala nazo zilembedwe ndi pensulo pamwamba pa manotsi, chachikulu 1, chaching'ono 5. Sikelo (manotsi otsatizana kuchokera pa doh kufika pa doh wapamwamba) ya C kudzanja lamanja ndi 1-2-3-1-2-3-4-5, koma ya F ndi 1-2-3-4-1-2-3-4, chifukwa B flat imafuna chala cha 4. Amene amasintha zala tsiku lililonse palibe chimene dzanja lake limasunga. Podutsitsa chala chachikulu kunsi kwa zinzake, yang'anani chigongono: chikamatukukira kunja, ndiye kuti chalacho chachedwa kunyamuka.

Wotsogolera kwaya:
Ndikuvomereza, aphunzitsi, koma kwathu kuno vuto lina limayambira kukhutu. Ambiri anakulira m'kwaya, sol-fa amaidziwa, nyimbo akaimva kawiri aigwira. Ndi mphatso imeneyo, koma imabisa kusawerenga. Mphunzitsi akangoyamba wayimba yekha, mwana amaloweza, maso ali papepala ngati akuwerenga. Muyeseni chonchi: lozani baa ya pakati, munene kuti ayambire pamenepo. Akabwerera koyambirira, mwadziwa.

Tsono tsiku lililonse apatsidwe mizere iwiri yatsopano, yosavuta kuposa imene akuphunzira, ndipo musamuyimbire. Bass clef, mizere ya manotsi otsika imene dzanja lamanzere limawerenga kawirikawiri, isachedwe kuphunzitsidwa. Mzere wapansi pa treble (mizere ya manotsi okwera, ya dzanja lamanja) ndi E, pa bass ndi G, ndiye wozolowera treble yokha amaphonya lamanzere ndi masitepe awiri nthawi zonse.

Batani la transpose, lokweza kapena kutsitsa nyimbo yonse pa kiyibodi, nalo lalemaza oyimba ambiri. Munthu zaka ndithu akuyimba m'kiyi imodzi! Makodi (manotsi angapo olira pamodzi) atatu a doh, fah ndi soh awaphunzire mu C, G, F, D ndi B flat, kiyi imodzi pa sabata.

Wokonza zoyimbira:
Musaiwale chipangizocho. Piyano ili ndi makiyi 88 olemera, pomwe makiyibodi ambiri a m'nyumba ali ndi 61 opepuka. Wokulira pa opepuka akakhala pa piyano yeniyeni amakankha ndi mapewa, mkono n'kuuma, mawu ofewa osatuluka. Ngati ndalama zilola, gulani ya makiyi olemera. Zikavuta, ikhale yoti ukagunda mwamphamvu mawu amakwera. Mpando ukhale woti mkono, kuyambira pachigongono, ulingane ndi makiyi. Mwana wamng'ono muikireni kabokosi kopondapo, miyendo isalendewere.

Mphunzitsi wa piyano:
Ndiwonjezere za pedulo yakumanja, chopondapo chotalikitsa mawu. Ophunzira amaiponda pamodzi ndi makodi, kapena kuigwiritsitsa mpaka mawu onse asanduka phala. Dongosolo lake ndi ili: zala zitsike pa kodi yatsopano, phazi linyamuke nthawi yomweyo, kenako litsikenso zala zisanachoke. Chidendene chisachoke pansi. Yesani ndi makodi awiri okha, C ndi F, mukuwerenga kanayi pa iliyonse: pa 1 phazi m'mwamba, pa 2 pansi.

Kwa makolo amene mukuwerenga: mphindi 20 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri Loweruka lokha. Pemphani mphunzitsi alembe m'kope mabaa enieni oti mwana ayeserere sabata imeneyo ndi liwiro lake la metronome.