Thandizeni abale, ndege ya Kauniuni yofufuza za pansi pa nthaka ija inaonadi mafuta kuno ku Nkhotakota?

Admin ndibiseni dzina chonde. Kwathu kufupi ndi Chia kwabwera bambo wina ndi mapu a mitundumitundu, pena pofiira pena pobiriwira, akuti ndi zotsatira za ndege ija inkauluka motsika ija ndiye akuti dimba la mpunga la amalume lili pofiira penipeni kutanthauza kuti pansi pake pali mafuta. Akufuna aliyense apereke kangachepe kuti amulembe mu kaundula wa chipukuta misozi kampani ikadzabwera, amalume ayamba kale kuitanira mbuzi malonda, ine ndikaletsa akuti ndine mwana sindidziwa kanthu. Odziwa za miyala tandiuzeni, ndege imaona mafuta?

Wa ku Dwangwa: Mbava imeneyo, mbuzi zisachoke m'khola.

Wophunzira za miyala: Achimwene ndege siiona mafuta olo pang'ono. Kauniuni inauluka 2013 ndi 2014, kampani yake Sander Geophysics ya ku Canada pa ndalama za World Bank ndi EU, zotsatira boma linatulutsa 2015. Imanyamula makina otchedwa magnetometer oyeza mphamvu ya maginito. Thanthwe lakalekale la pansi penipeni limakhala ndi tizitsulo tokoka maginito, pomwe mchenga ndi matope amene anaunjikana pamwamba pake mpaka kusanduka miyala alibe mphamvuyo kwenikweni, ndiye poona mmene mphamvu ikusinthira akatswiri amayerekeza kuti thanthwelo lili kutali bwanji, matopewo ndi ochindikala bwanji komanso ming'alu yadutsa pati. Mafuta ndi gasi amapangika m'matope ochindikala ngati amenewo inde koma ndegeyo imangokuuzani kuti nkhokwe ndi yaikulu, zoti muli chimanga kapena mulibe siidziwa. Pambuyo pake pamafunika seismic, kutumiza phokoso pansi n'kumvetsera mmene likubwerera, kenako kuboola chitsime, pokhapo ndi pomwe munthu anganene kuti alipo. Chondiseketsa, pa mapu ambiri a maginito pofiira ndi pamene mphamvu yachuluka, nthawi zambiri ndiye kuti mwala wolimba uli pafupi, osati mafuta.

Wa ku Senga Bay: Kkkk nkhani ya mafuta inayamba kale iyi, 2011 kampani ya Surestream inapatsidwa chilolezo chofufuza mafuta pa nyanja ya Malawi, 2012 mkangano wa malire ndi Tanzania unabuka, ife mpaka lero tikugonabe pa mzere wa petulo.

Mayi wa ku Chipoka: Mwananga uwauze amalume ako mwaulemu kuti za pansi pa nthaka ndi za boma, olo atapezeka sakhala awo. Chipukuta misozi chimadzera kwa DC ndi mafumu ndipo wolandira salipira kuti alembedwe. Akatsutsa pita nawo kwa amfumu akamve okha.

Wa ku Senga Bay: Ine nkhawa yanga ndi usipa ndi chambo akadzayamba kuboola, koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Wophunzira za miyala: Mufunseni bamboyo kalata yomutuma, komanso jambulani mapuwo. Ofesi ya boma yoona za miyala ya Geological Survey ili ku Zomba, ndi amene amasunga zotsatira za Kauniuni.

Wofunsa: Zikomo nonse. Amalume avomera kuti mawa tipite kwa amfumu ngakhale akunyinyirika, mbuzi imodzi akuti analandirirapo kale theka la ndalama ndiye sindikudziwa tibweza bwanji. Bambo uja akuti abweranso Lachisanu, tiwauziretu apolisi kapena tingosiyira amfumu?