Mawu oti "mandala": amalume andidzudzula, akuti ndi dzina la a Moir

Mdzukulu wa ku Chilomoni:
Akuluakulu ndithandizeni. Lamulungu lapitali ndimacheza pa foni ndi amalume anga, iwo ali ku Chilomoni ine ndili kuno ku Aberdeen komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndinawauza kuti maso ayamba kundivuta moti ndagula magalasi. Anangoti zii kaye, kenako amvekere, "Magalasi ndi a pawindo. Ovala m'maso ndi mandala." Ine chibadwire Mandala ndimadziwa kuti ndi malo, paja timadutsa pochoka m'tauni kupita ku Queens. Amalume akuti malowo anatengera dzina kwa mzungu wina, John Moir, amene anthu ankamutcha Mandala chifukwa cha zovala m'masozo.

Chandigwira mtima n'chakuti dzina la Moir kuno ndimaliona tsiku ndi tsiku. Lili pa magalimoto a amisiri, lili pa miyala ya manda akale. Koma zaka ziwiri zomwe ndinakhala ku Luton sindinakumanepo ndi Moir ngakhale mmodzi. Ndinafunsa mayi wina wachikulire amene ndimamusamalira, anati ndi dzina la konkuno, kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, ndipo masiku ano amalitchula ngati "Moya" pomwe akale ankati "Moo", molikoka.

Funso langa: mawu oti mandala analipo kale mzunguyo asanabwere? Ankatanthauza chiyani?

Mayi a ku Ndirande:
Mwandikumbutsa agogo anga aakazi inu. Mandala awo anali othyoka mwendo umodzi, ankawamanga ndi ulusi wakuda n'kuukoletsa kukhutu. Akafuna kulowetsa ulusi pa singano ankaitana, "Iwe, tandipatsa mandala anga ali pa Baibulopo." Ukawapatsa ankayamba awauzira mpweya, kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, ndiye n'kuvala. Mpaka kumwalira kwawo sindinawamvepo akunena kuti magalasi. Amalume anuwo akunena zoona.

Bambo a ku Bangwe:
Nkhaniyi ine ndimaidziwa bwino chifukwa agogo awo a bambo anga ankasenza katundu wa kampani ya a Moir, mtengatenga uja, kuchokera kwa Katunga ku Chikwawa kukwera phiri mpaka ku Blantyre, ena n'kupitirira mpaka ku Matope. Mandala ndi "mandalama". Anthu ankati tiyeni kwa mandalama, chifukwa ndi kumene kunkapezeka ndalama. Pakamwa pa anthu mawu amafupika, mandalama n'kusanduka mandala. Za magalasizo zinabwera pambuyo, anthu ataona kuti mwini ndalamayo amavala zinthu m'maso.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dedza:
Bambo a ku Bangwe, ndikupatsani ulemu wonse, koma apo pandivuta. John Moir ndi mng'ono wake Frederick anafika kuno mu 1878, atatumidwa ndi amalonda a ku Glasgow omwe anayambitsa kampani imene inadzatchedwa African Lakes. Zaka zoyambirirazo amtengatenga sankalandira makobili, ankalandira nsalu, yoyezedwa ndi mikono. Munthu wolandira nsalu angatche bwanji bwana wake kuti mandalama? Nyumba ya Mandala ija inamangidwa mu 1882, dzinalo linali litamera kale, ndalama zachitsulo zisanafale m'midzi.

Zomwe ndinamva ine kwa akuluakulu n'zakuti mandala ankanena kung'anima, monga madzi a pa thamanda dzuwa likawawomba. John Moir akatembenuka, zovala m'maso zake zinkati ng'aning'ani, anthu n'kumutcha dzinalo.

Tsono za dzina la Moir mwafunsazi, mdzukulu wa ku Chilomoni. Limachokera ku chiyankhulo cha Gaelic, ku mawu oti mòr, kutanthauza wamkulu. Ndiye kuti kalekale kunali munthu wina wathupi, dzimunthu, anzake n'kumamutcha Wamkulu, ana ake n'kulitenga dzinalo kukhala la banja. Chilembo cha "i" chili pakatipo alembi akale a ku Scotland ankachiika posonyeza kuti "o" akokedwe. Mayi wanu wachikulireyo sananame pamene anati akale ankati "Moo". Anthu atayamba kuwerenga monga momwe palembedwera ndi pomwe linasanduka "Moya". Musalisokoneze ndi Muir, limenelo limanena za thengo lopanda mitengo la kumapiri akwawoko.

Chimandisangalatsa ine n'chakuti munthu ameneyu anatchedwa kawiri ndi maso a anthu. Kwawo makolo ake anawaona kukula thupi, kuno ife tinamuona zonyezimira kumaso.

Bambo a ku Bangwe:
Aphunzitsi, inu mwawerenga m'mabuku a azungu. Ine ndinamva kwa mwana wa munthu amene anasenza katunduyo pamutu. Nsalu nayo inali ndalama masiku amenewo. Ukakhala ndi nsalu unkagula mbuzi, unkagula chimanga, kusiyana kwake ndi ndalama kuli pati? Mandalama basi.

Wa ku Nsanje:
Kwathu kuchigwa agogo anga ankakonda kukhala m'mphepete mwa Shire madzulo akusoka ukonde. Dzuwa likapendeka madzi ankachita kuthobwa m'maso, iwo n'kumaphimba nkhope ndi dzanja. Ndikawerenga zomwe alemba aphunzitsizi ndikuona madzi amenewo. Abale a Moir aja anadzera mumtsinje womwewu, ndipo anthu oyamba kuwaona anali anthu a m'madzi, opalasa mabwato. Kwa ine n'zomveka kuti dzinalo analitola pa madzi.

Mdzukulu wa ku Chilomoni:
Zikomo aphunzitsi. Dzulo nditaweruka ndinakwera basi kupita ku Stoneywood, ndi pafupi ndi bwalo la ndege la ku Dyce, m'mbali mwa mtsinje wa Don. Kumeneko ndiye kunali a Moir otchuka. Mmodzi wa iwo, James Moir, anasonkhanitsa asilikali pa kuukira boma la Britain kwa mu 1745, anamenya nawo nkhondo ya ku Culloden mu 1746, atagonja anabisala kenako n'kuthawira ku Sweden komwe anakhala zaka zambiri asanaloledwe kubwerera. Ndinaima pamenepo mphepo ikundilowa m'mafupa, n'kumaganiza kuti anthu amenewa kuyenda anayamba kale. Kuno amati a Moir amawerengedwa pansi pa fuko la a Gordon, zofananako ndi mfunda kwathu.

Koma John ndi Frederick sanabadwire kuno ayi. Anali a ku Edinburgh, ana a dokotala, John wa mu 1851 mng'ono wake wa mu 1852. Ndiye kuti dzinali linali litatsikira kale kum'mwera iwo asanabadwe. Kufupi ndi Stirling kunalinso banja lina la a Moir, a ku Leckie.

Wokonda mpira wa ku Area 25:
Pamene mwapitapo ndi moyandikana ndi Bucksburn eti? Kumeneko ndi kwawo kwa Willie Moir, kaputeni wa Bolton pa fainolo ya FA Cup ya mu 1953, ija anagonja 4-3 kwa Blackpool. Bambo anga ankaikamba fainolo imeneyo ngati analipo. Palinso Scott Moir wa ku Canada, wovina pa madzi oundana uja, anapata golide pa Olympics mu 2010 ndi mu 2018. Kwawo ndi ku Ontario. A ku Scotland ambiri anasamukira ku Canada, Australia ndi New Zealand, ndiye dzinalo linapita nawo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Mayi a ku Ndirande:
Mwambi umenewo agogo anga ankaunena mwana akamakana kupita kukakhala kwa azakhali ake. Ankati pita ukaone mmene ena amaphikira. Sindinaumvepo akuunenera dzina. Dzina silikula, amakula ndi munthu.

Wokonda mpira wa ku Area 25:
Amayi, koma dzina limayenda ndi munthu. Akapita munthu lapitanso dzina.

Wa ku Chipata:
Ife kuno ku Zambia timawadziwanso a Mandala. Amayi anga ankati nsalu yawo ya ukwati anakagula kwa Mandala, nthawi imeneyo tauni ino ikutchedwa Fort Jameson. Masitolo awo analiponso ku Mbala, yomwe inali Abercorn. Koma mukafunsa munthu aliyense pamsika kuti Moir ndani, palibe angakuyankheni. Dzina limene anabwera nalo linatsalira m'mabuku, limene tinamupatsa ndi lomwe linayenda, mpaka lero kuli mabanja otchedwa a Mandala. Ine ndinaphunzira ndi mtsikana wa dzina limenelo.

Bambo a ku Bangwe:
Mwaonatu! Amayi anu anapita kukagula. Anagula ndi chiyani? Ndalama. Kulikonse kumene kuli dzina la Mandala kuli malonda. Ku Chipata malonda, ku Mbala malonda, ku Blantyre malonda ndi magalimoto. Kodi magalasi a munthu mmodzi angayende mtunda wonsewo? Chimene chinayenda ndi ndalama.

Mlongo wa ku Harare:
Sindikufuna kulowerera mkangano wa akuluakulu, koma kuno m'Chishona ndarama ndi golide. Golide amanyezimira. Mwina a ku Bangwe ndi aphunzitsi akukoka chingwe chimodzi, wina uku wina uko.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dedza:
Achemwali a ku Harare, mawu akhoza kufanana kamvekedwe osakhala pachibale. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba chimodzimodzi. Ndipo taganizani mmene makolo athu ankatchulira azungu. Ankayang'ana chimene munthu ali nacho pathupi kapena m'manja. Masitolo a Kandodo aja dzina lake linachokera kwa mzungu woyenda ndi kandodo. Wina wandevu ankamutcha za ndevu zakezo. Mandala akulowa mumzere womwewo.

Wa ku Karonga:
Kwathu kuno a Moir timawakumbukira pa nkhani ina. Kampani yawo inamenyana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo uja, kuyambira 1887 mpaka 1889, ndipo abale awiriwo onse anavulala ndi zipolopolo, Frederick mkono unaphwanyika. Agogo anga pokamba nkhondo imeneyo, monga anaimvera kwa makolo awo, ankati "azungu a Mandala". Ankaunenanso msewu wa Stevenson wopita ku nyanja ya Tanganyika. Ine ndili mwana ndinkayesa Mandala ndi dziko, ngati mmene timanenera azungu a ku Germany. Ndinadzadziwa ndili ku sekondale kuti anali munthu.

Tisaiwalenso kuti kampani yomweyo inkagula minyanga ya njovu ndipo inatenga malo ambiri. Pokumbukira dzinali tizikumbukira zonse.

Mayi a ku Ndirande:
Chikundiwawa ine n'chakuti ana athu mawuwa sakuwadziwanso. Usiku wathawu ndinayesa mwana wanga wa Fomu 3, ndinati kanditengere mandala kuchipinda. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Madala? Si apita kuntchito?" Ankayesa ndikunena bambo ake! Bambo ake akuti madala, ine akuti masteni. Ukamufunsa wadzuka bwanji akuti bho. Ndinakhala pansi mtima ukundipweteka, chifukwa agogo aja anachita kundilera ine, ndipo mawu awo akuthera pa ine.

Mnyamata wa ku Zomba:
Amayi musatiweruze tonse. Ine ndili ndi zaka 22 ndipo ndawerenga zonsezi kuyambira pamwamba. Vuto n'lakuti ukalemba mandala pa intaneti zimabwera ndi zojambula zozungulira za ku India, za Moir osaoneka. Kusukulu anatiphunzitsa za African Lakes kuti tikhoze mayeso, koma palibe anatiuza kuti mawuwo ndi a chinthu chovala m'maso. Mukanamawanena pakhomo bwenzi tikuwadziwa. Inunso akuluakulu mukapita kuchipatala cha maso mumati magalasi.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dedza:
Mwanawe wanena zoona, ndipo zandilasa. Zaka zonse ndinaphunzitsa ndinkati magalasi pamaso pa ana. Komabe chiyankhulo chanu cha masiku anochi chimandidetsa nkhawa. Mawu atatu a Chichewa, awiri a Chingerezi, limodzi losadziwika kwawo. Pa wailesi nawonso owulutsa ayamba zomwezo. Mdzukulu wanga anandilembera uthenga sabata yatha, ndinachita kuitana mnzake kuti andimasulire.

Wa ku Chipata:
Bwerani kuno mudzamve Chinyanja cha ku Lusaka, mudzabwerera mukuyamika ana anuwo.

Mdzukulu wa ku Chilomoni:
Ndawaimbiranso amalume ndawawerengera zonse mwalembazi. Za mandalama akana, za madzi ong'anima akuti mwina, koma iwo chomwe akudziwa n'chakuti bambo awo ankati mandala ndipo nkhani ithere pomwepo. Andiuzanso kuti ndikadzabwera pa tchuthi adzanditengera ku nyumba ya Mandala, akuti pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi, tikafunse buku lomasulira mawu a Chimang'anja limene David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anatulutsa mu 1892, tikaone ngati mawuwa alimo ndi mmene anawamasulira. Mayi wachikulire uja ndinamuuza kuti kwathu kuli dera lonse lotchedwa ndi dzina limene tinapatsa Moir wina. Anandiuza kuti ndimulembere mawuwo pa pepala, ndipo analiika m'kabati ya pambali pa bedi lake, momwe amasungamo mandala ake.

Bambo a ku Bangwe:
Kafunseni bukulo, koma analemba ndi mzungu mnzake wa ku Scotland komweko. Iye akanalemba bwanji kuti anthu akumutcha mnzake dzina la ndalama? Mukadzafika ku Blantyre mudzandipeze ku Bangwe, ndidzakutengereni kwa azakhali anga, ali ndi zaka zoposa 90 ndipo mutu ukugwirabe bwinobwino. Mudzamve okha akunena kuti mandalama.