Funso kwa osoka: bulauzi ya chitenje ikuthina pachifuwa koma m'mapewa ili bwino

Moni amayi ndi abambo nonse osoka a pagulu pano. Ndikulemba kuchokera ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa makina. Ndasoka bulauzi ya chitenje ya manja aafupi ndi zipi kumbuyo, potsata pateni ya papepala. M'mapewa ndi m'khosi yakhala bwino ndithu, koma pachifuwa ikuthina, moti pali makwinya ochokera m'khwapa kulunjika pa bere, ndipo kutsogolo kwake kwakwera kuposa kumbuyo. Saizi yaikulu imamasula chifuwa, koma khosi limayasama, msoko wa paphewa n'kugwera pamkono.

Tepi ikadutsa m'khwapa pamwamba pa mabere ndikupeza mainchi 36, pamene pa mabere penipeni ndi 40. Chimene ndikufuna n'kukonza pepalalo, osati kumaphwasula chovala chosokedwa kale, chifukwa chitenje chabwino chakwera mtengo pamsika, ndipo maluwa ake akadulidwa molakwika sabwereranso. Kodi ndiwonjezere m'mbali, kapena ndikulitse madati (timisoko topinda nsalu kuti chovala chitsate thupi)?

Telala wa ku Kawale:
Achemwali, musawonjezere m'mbali, chifukwa mukatero mukulitsa msana ndi m'khwapa momwe, chonsecho vuto lili kutsogolo kokha. Mapateni ambiri ogula amajambulidwa poganiza kuti miyeso iwiriyi imasiyana ndi mainchi 2. Yanu ikusiyana ndi 4, choncho mukusowa mainchi 2, ndiye kuti inchi imodzi papepala, poti pepalalo ndi theka chabe la kutsogolo. Tengani saizi imene yakukwanani m'mapewa, ndipo muike chizindikiro pamene pali nsonga ya bere. Dulani pepala kuchokera pansi kufika pachizindikirocho, kenako mukhotere kukhwapa, koma pamsoko wa m'khwapa musiyepo kachigawo kosaduka. Dulaninso pakati pa dati kuchokera m'mbali mpaka pafupi ndi chizindikiro. Mukatambasula mpata wa inchi imodzi wofanana mpaka pansi, datilo litseguka lokha, ndipo mumate pepala lina kunsi kwake. Mbali ya pakati ioneka yaifupi. Iduleni mopingasa n'kuitsitsa kuti ilingane ndi inzake, ndipo kukwera kwa kutsogolo kuja kuthera pomwepo. Nsonga ya dati ithere pafupifupi inchi imodzi musanafike pa nsonga ya bere, apo ayi pamatukuka moipa.

Mayi wa ku Chinsapo:
Mwanawe, atelala anena bwino. Ine ndingowonjezera kuti chitenje sichitanuka, ndiponso nsalu ya thonje imabwerera ikachapidwa, choncho uchichape ndi kuchisita usanadule. Pateni yatsopanoyo uyambe wayesera pa nsalu yakale ya pabedi, ngakhale ya pakaunjika ku msika wa Tsoka, utavala kamisolo yomwe udzavalire bulauziyo, chifukwa kamisolo ina imakweza bere, ina imalitsitsa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri atelala, zikomonso amayi. Koma popeza mpatawo ukutsika mpaka pansi, kodi m'chiuno simukula ndi mainchi 2 omwewo?

Telala wa ku Kawale:
Mukuladi. Ngati mukufuna yogwira thupi, sokani madati a m'chiuno pansi pa bere lililonse, kapena mubweze pang'ono m'mbali kuyambira pansi pa dati, koma musanadule kanthu muyambe mwakhala pampando mutavala yoyeserayo, muone ngati sikukoka pamimba.