Kodi ndizichotsa disiki imodzi pa RAID 1 Lachisanu lililonse n'kukaisunga kunyumba?

Wofunsa:
Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukusamalira maseva kwa nthawi yaitali. Ndimayang'anira makompyuta pa kaofesi kena kowerengera ndalama ku Lilongwe, ndipo tili ndi seva imodzi (kompyuta yotumikira makompyuta ena) ya Debian Linux imene imalandira backup, kutanthauza makope a mafayilo, ya makompyuta onse usiku uliwonse. M'sevamo muli madisiki awiri a 4 TB amene ndinawalumikiza ngati RAID 1 kudzera pa pulogalamu ya mdadm, choncho chimene chalembedwa pa imodzi chimalembedwanso pa inzake nthawi yomweyo. Mwezi watha ndinalakwitsa ndekha polemba lamulo la rsync (pulogalamu yokopera mafayilo), foda yonse ya chaka chatha n'kufufutika, ndipo nditathamangira ku disiki yachiwiri ndinapeza kuti nayonso yamvera lamulo lomwelo mosachedwa. Chinatipulumutsa ndi laputopu yakale imene inali m'kabati. Tsopano ndikuganiza zogula disiki yachitatu, kuti Lachisanu lililonse ndizichotsa imodzi m'seva, ndiziikamo inayo kuti idzaze yokha, yochotsedwayo ndizipita nayo kunyumba. Kodi njirayi ili bwino, kapena ndikudziputira mavuto ena?

Woyankha woyamba:
Bambo, cholinga chanu ndi chabwino, koma njirayo ine sindingakulimbikitseni. Mukaika disiki ina, mdadm imawerenga disiki yotsalayo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo pa liwiro la 150 MB pa sekondi, 4 TB imatenga maola oposa 7. Maola onsewo seva yanu yaima ndi mwendo umodzi, ndipo ndi nthawi yomweyo imene disiki yokalamba imakonda kufa chifukwa ikugwira ntchito yolemetsa. Onjezanipo kuzimazima kwa magetsi ndi mphezi za m'dzinja, makamaka ngati batire ya UPS yanu (chipangizo chopatsa seva mphamvu magetsi akazima) inatha kale mphamvu. Chinanso, polumikizira madisiki pa m'kati mwa kompyuta (SATA) anapangira kuzula ndi kulowetsa maulendo pafupifupi 50 okha, ndiye chaka chisanathe mudzakhala mutapyola. Koma chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti disiki yochotsedwayo imakhalabe ndi chizindikiro cha RAID yomweyo, ndipo tsiku lina mutatopa mukhoza kusokoneza madisikiwo, zakale n'kulembedwa pamwamba pa zatsopano.

Woyankha wachiwiri:
Ndikugwirizana ndi achimwene ayankhawa. RAID isiyeni igwire ntchito yake, imene ndi kuteteza seva disiki imodzi ikafa, osati kukumbukira zimene zinalipo dzulo. Gulani madisiki awiri akunja a USB, muziwasinthanitsa sabata ndi sabata, ndipo muzikopera ndi BorgBackup kapena restic, chifukwa mapulogalamu amenewa amasunga makope a masiku osiyanasiyana komanso amabisa mafayilo ndi mawu achinsinsi. Kubisako musakupeputse, pakuti chikwama chikhoza kutsala mu minibasi muli ziwerengero za makasitomala anu onse. Mukadzamanganso sevayo, lingalirani za ZFS, njira ina yosanjira ndi kusunga mafayilo pa madisiki. Ili ndi lamulo la zpool split limene limapatula disiki pa mirror (madisiki ofanana ngati a RAID 1) mwaukhondo, ngakhale ine ndimakonda kutenga snapshot (chithunzi cha mmene mafayilo alili pa nthawiyo) n'kuitumiza ndi zfs send, popeza imatumiza zokhazo zimene zasintha.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, za polumikizira SATA sindinaziganizepo n'komwe. Ndifunsenso pang'ono: pa madisiki akunjawo ndigule SSD (disiki yopanda zozungulira m'kati), poti siiopa kugwedezeka pa msewu, kapena hard disk wamba? Ndipo abwana anga akuti tingowasunga mu sefa (bokosi lachitsulo lokhoma) ya pa ofesi pomwepo.

Woyankha wachitatu:
Ngati mukusinthanitsa sabata iliyonse, zonse ziwiri zigwira ntchito, koma kope loti likhale m'kabati miyezi yambiri liikeni pa hard disk wamba, chifukwa SSD imasunga zinthu ndi mphamvu yamagetsi yotsekeredwa m'timaselo, imene imatha pang'onopang'ono ikakhala osalumikizidwa, makamaka pamalo otentha. Za sefa ya pa ofesi, afotokozereni abwanawo mwaulemu kuti moto kapena akuba sasiyanitsa seva ndi sefa zikakhala m'nyumba imodzi. Lamulo lodziwika la 3-2-1 limati makope akhale atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Disiki ikamaliza kukopera izulidwe ndithu, pakuti ransomware (pulogalamu ya akuba yotseka mafayilo n'kufuna dipo) imatseka chilichonse chimene kompyuta ikuchifikira, monga anaonera a zipatala za NHS ku Britain ndi ransomware ya WannaCry mu 2017. Ine ndimamata kapepala pa disiki iliyonse, n'kulembapo ndi cholembera tsiku limene ndakopera, ndipo kamodzi pa mwezi ndimabweza foda imodzi pa kompyuta ina n'kutsegula mafayilo angapo, kenako n'kuyang'ana thanzi la disikiyo ndi pulogalamu ya smartctl.

Woyankha woyamba:
Ndiwonjezere chimodzi, Bambo. Mawu achinsinsi a Borg pamodzi ndi kiyi yake musawasunge pa seva yomweyo, chifukwa tsiku limene mudzawafune ndi tsiku limene sevayo kulibe. Alembeni pa pepala, muike mu envulopu, mupatse abwanawo akasunge kwawo.