Malamba okwerera pamwamba tiziwayendera kangati?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi anyamata amene timakweza nawo mathanki a madzi ndi kumangirira masola pamadenga kuno ku Salima, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay. Tili ndi malamba ovala thupi lonse, zingwe ndi ngowe zake zokolekera. Lamba mmodzi wasuluka, ndipo pamene pamakhala ngowe payamba kutuluka tiubweya. Mnyamata amene amamuvala akuti ngolimba, koma ine mtima sukukhala m'malo. Zida zimenezi zimafunika kuyenderedwa kangati? Awa ndi ana a eni, sindikufuna kudzasowa chonena kwa makolo awo.

Wa ku Dwangwa: Achimwene, tsiku lililonse musanakwere. Osangoponya maso ayi. Muziyendetsa zala palamba yense, kumupinda pang'onopang'ono, kuona ngati ulusi waduka, pena pauma gwa kapena papsa. Chingwenso chimodzimodzi, mukapeza pofewa kapena potupa ndiye kuti mkatimo mwawonongeka. Ngowe izitsekeka yokha. Ikamachita kukankhidwa, iikeni pambali.

Mayi wa ku Lilongwe: Zoona, koma pamafunikanso munthu wodziwa ntchitoyi aziyendera zonse n'kulemba m'buku. Kampani ya Petzl, yopanga zida zokwerera pamwamba, imati pasamadutse miyezi 12. Ku Britain malangizo a boma amati miyezi 6, ndipo miyezi 3 ngati zidazo zikugwira pamalo ovuta. Dzuwa limadya nayiloni, ndiye ndi mmene kumawotchera kwanuko mu Okutobala, kuphatikiza thukuta ndi mchenga wakunyanja, ine ndingatsate ya miyezi 3. Onaninso kansalu kolembedwa chaka chimene anapangidwa. Zansalu a Petzl amati malire ndi zaka 10, ngakhale zitangokhala m'chikwama. Lamba amene wagwirapo munthu atagwa mwamphamvu asavalidwenso, angaoneke bwino chotani.

Wa ku Chipoka: Poti mumagwira za masola, samalani ndi mabatire. Asidi akadonthera palamba amamudya mwakachetechete, pena osaoneka n'komwe. Malamba azikhala m'chikwama chawochawo, osati kumbuyo kwa galimoto limodzi ndi mabatire. Wosulukayo, bwana, musachite kufunsa. Mduleni ndi mpeni kuti wina asadzamutole.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndamudula masana ano, ndipo mawa palibe akwere tisanayendere otsalawo. Mayi a ku Lilongwe, kodi munthu woyendera zidayo ndingamupeze kuti? Nanga m'bukumo mumalembamo chiyani?