Za achemwali anga aja, vuto ladziwika

Abale mwezi wathawu ndinafunsa kuti chingakhale chani achemwali anga akungoonda chonsecho nsima akudya kuposa tonse, mtima kugunda mothamanga, manja kunjenjemera, thukuta kamukamu ngakhale mu Julaye pomwe ife ku Chibavi kuno tikugona ndi juzi komanso mabulangete awiri. Ambiri munati shuga, ena munandilembera kumbali kuti akayezetse kachilombo, tinayezetsa zonsezo sanapeze kanthu.

Ndiye adokotala atawagwira pakhosi anapeza chithokomiro chotupa, anatenga magazi, zotsatira zabwera TSH (homoni youza chithokomiro kuti chigwire ntchito) yatsika kwambiri pomwe T4 (homoni yotulutsidwa ndi chithokomirocho) yakwera. Chithokomirocho chili kutsogolo kwa khosi, chooneka ngati gulugufe, chimatulutsa mahomoni oyendetsa liwiro la thupi lonse, ndiye chawo chikutulutsa mopyola muyezo, thupi ngati minibasi ikutsika Chiweta opanda mabuleki. Matendawa dzina lake Graves, chitetezo cha mthupi chomwechi ndi chimene chimasokoneza chithokomiro, nchifukwa chake maso anayamba kutuzuka, ife tinkangoti nkusowa tulo.

Awapatsa mankhwala awiri, carbimazole yochepetsa mahomoniwo ndi propranolol yodekhetsa mtima. Mtima unadekha patangopita masiku ochepa koma carbimazole imatenga masabata kuti igwire, amwa kwa miyezi 12 mpaka 18 uku akuyezetsa magazi pafupipafupi. Chandiopsa nchakuti akangotentha thupi kapena kumva zilonda kukhosi asiye kumwa carbimazole, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, poti mwa anthu ena mankhwalawa amachepetsa maselo oyera a magazi. Amayi kumudzi akulimbikirabe zitsamba, ine ndawakaniza, akwiya nane pang'ono.